Tsiku Limene Ndinaitanira Anthu ku Ukwati Wanga Katatu

Sindine munthu wokonda kufotokoza za ine mwini. Koma nkhani iyi yafala kale kuchokera ku Mbamba Bay mpaka ku Ngumbo, ndipo aliyense woifotokoza akuikapo mchere wake. Ena akuti ndinakomoka. Ena akuti ndinabisala pansi pa bwato. Bola ndiinene ndekha. Manyazi ake ndi anga, ndiwasenze ndekha.

Dzina langa ndine Lameki, kwathu ndi ku Nkhotakota. Ndinagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ku Blantyre zaka khumi ndi ziwiri. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Priska, mwana wa kuno ku Mbamba Bay, tsidya lino la nyanja, amene ankagwira ntchito yomweyo. Ankaidziwa kuposa ine. Zimenezi ndikuvomera lero. Ali moyo sindinavomerepo.

Atayamba kudwala tinabwera kuno kwa amayi ake, n'kukhala m'kanyumba ka kuseri kwa duka lawo la maukonde ndi mbedza. Anamwalira nyengo ya mwera. Sitinakhale ndi mwana. Maliro atatha sindinabwerere kwathu, ndipo palibe anandifunsa chifukwa chake.

Apongozi anga aliyense amawatchula Mama Priska, potengera mwana wawo woyamba, monga amachitira kuno. Dzinalo silinasinthe. Ndi mayi osalankhulalankhula. Chaka chonse chija tinkadya limodzi masana, iwo uko ine uku, mawu athu osapitirira karibu ndi asante. Sindinawaonepo akuseka.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, abale anapangana tsiku lomanga chiliza ndi kuika mtanda pamanda. Kwathu nthawi yotere imakhalanso yosudzula. Akuluakulu amakhala pansi n'kumuuza mwamuna woferedwa kuti wamasuka, apite kwawo, akakwatire ngati akufuna. Kuno ali ndi njira yawoyawo, koma mapeto ake ndi amodzimodzi. Mjomba wake wa Priska, ndiko kuti malume ake, wa ku Ngumbo, anali atanena kale kuti mlendo wopanda mwana alibe chomusunga pamudzi. Mawu omaliza anali a Mama Priska, ndipo iwo anali asananene kanthu.

Ine sindinkafuna kumasulidwa. Kuchokera pakhomo pa kanyumba kaja kukafika pamanda ndi mphindi khumi wapansi. Zimene ndinkafuna ndi mphindi khumi zimenezo basi.

Lachiwiri m'mawa, kutatsala masiku khumi ndi limodzi, kunabwera nkhani yoitana anthu. Anaiyambitsa ndi mlamu wanga Edina, mng'ono wake wa Priska, wogulitsa usipa, mkazi wa pakamwa pakuthwa, amene amanditchula Shemeji, ndiko kuti mlamu.

"Shemeji, m'malo moti ndithe miyendo nyumba ndi nyumba, bwanji osagwiritsa chija dada anapangira amayi a kwaya? Si inu a makompyuta?"

Chimene ankanenacho chinali pulogalamu ya pa intaneti imene dada wakeyo, Priska, analemba m'chinenero cha makompyuta cha Java. Inkakhala mu laputopu yakale m'kachipinda ka kumbuyo kwa duka, yolumikizidwa ku modemu yokhala ndi simu khadi. Munthu ankatsegula tsamba lake n'kudzaza mabokosi atatu: dzina, tsiku, malo. Kenako batani limodzi lolembedwa Tuma. Ukalidina, meseji inkapita kwa onse a pamndandanda: amayi a kwaya, a kutchalitchi, abale a ku Tingi ndi ku Kihagara, asodzi ogula paduka, ngakhale Amalawi anzanga a pamsika. Anthu oposa mazana atatu. Priska ankati amayi alibe nthawi ya mabatani awiri.

Kutumizako kunkachitika ndi library, kachidutswa ka pulogalamu kolembedwa padera kamene pulogalamu yaikulu imangokaitana. Library ikamayamba ntchito imawerenga fayilo ya malangizo. Mu fayilo imeneyo ndi mmene munali mawu a mesejiyo ndiponso dzina la mndandanda wa anthu olandira. Amayi a kwaya ankaitanira kwambiri maukwati. Pakakhala zina, Priska ankasintha yekha mawu. Sindinayang'anepo mmene ankasinthira, chifukwa ndinkadziwa kale.

Mama Priska anangoti, "Ngati mungathe, mwanangu."

Ngati ndingathe! Chaka chonse ndinali pakamwa pongodya pakhomo paja. Apa mwayi unapezeka woonetsa kuti ndili ndi phindu.

Ndinatsegula laputopu. Ndinapeza foda yolembedwa conf, mkati mwake muli fayilo yotchedwa uthenga.properties. Munali mawu a ukwati. Ndinawafafaniza, n'kulemba mawu oitanira ku mwambo wa chiliza. Ndinatha maola awiri pa mizere itatu. Edina anakonza Chiswahili changa pawiri. Ndinasunga fayilo, ndinazimitsa seva, imene imayendetsa pulogalamuyo, n'kuiyatsanso. Ndinadzaza mabokosi: Lameki, popeza woitana ndinali ine. Jumamosi ijayo. Nyumbani kwa Mama Priska. Ndinadina.

Tsamba linayankha kuti Imetumwa, ndiko kuti zapita.

Foni yanga sinalire, ndipo sindinadabwe. Priska sanaikepo nambala yanga pamndandanda. Ankati za kwaya ndimazimva kale kunyumba.

Edina anali atapita kugombe kukayanika usipa. Ine ndinatuluka kupita kumsika kukagula simenti yotsala, ndikuyenda ngati munthu amene wachita kanthu.

Woyamba kundiona anali Mayi Nabanda, Mmalawi mnzanga wogulitsa zitenje.

"Achimwene! Tabwerani kuno! Meseji ija ndailandira!"

"Yafika bwino?"

"Yafika! Komatu mwafulumira!"

"Sizovuta, mayi. Ndi batani limodzi."

"Eee, kwa amuna inu ndi batani limodzi ndithu! Nanga Mama Priska avomera zimenezi?"

"Ndi iwo andiloleza. Anati ngati ndingathe."

"Ngati mungathe! Mayi ameneyo! Nanga ganizo limeneli ndi la ndani?"

"La Edina. Ndi iye anayambitsa. Ine ndinalibe n'komwe maganizo amenewo."

Mayi Nabanda anagwira kukamwa ndi manja onse awiri. "Edina? Mayo ine! Edina yemweyu?"

"Akuti watopa ndi kuyenda nyumba ndi nyumba."

Ndinawasiya atakhala pa mulu wa zitenje, akuimba foni. Ndinaganiza kuti mayiwa ndi achifundo, nkhani ya chiliza yawakhudza.

Nditabwerera paduka ndinapeza Edina ataima pakhomo, mamba a usipa ali m'manja, foni ataitambasulira kumaso kwanga.

"Shemeji, werengani. Mokweza."

Ndinawerenga. "Familia ina furaha kukualika kwenye harusi ya ndugu Lameki, Jumamosi ijayo, nyumbani kwa Mama Priska. Njoo na vigelegele!"

Kwa amene Chiswahili chimawavuta: banja likukondwera kukuitanani ku ukwati wa mbale Lameki, Loweruka likudzalo, kunyumba kwa Mama Priska. Bwerani ndi nthungululu.

"Awa si mawu amene ndinalemba," ndinatero.

"Ndikudziwa, ndinalipo! Koma anthu mazana atatu analipo? Tandiuzani, Shemeji, inu ophunzira. Ukwati ukachitikira pakhomo pa mayi, mkwatibwi amakhala mwana wa ndani?"

"Wa mayiyo."

"Ndipo pakhomo pano mwana wamkazi watsala ndani?"

Apa ndi pamene ndinakumbukira zimene ndinawauza Mayi Nabanda. Sindinamuuze Edina. Anazimva yekha pasanathe theka la ola.

Muyenera kudziwa kuti Edina anali ndi chibwenzi chodziwika. Mwamuna wake wolonjezedwa anali Kasiani, fundi wa injini za maboti wa ku Kihagara, ndipo abale ake anali atabweretsa kale kalata yofunsira mbeta.

Mama Priska anali atakhala kuseri kwa kauntala, foni yawo ataivundikira pa thabwa. Sanakweze mawu.

"Mwanangu, mukanangodikira Loweruka lija. Tikanakumasulani mwaulemu."

"Mama, si ine. Ndi kompyuta."

"Kompyuta imeneyo ndi ya mwana wanga. Sinanamizirepo munthu."

Ndinalowa m'kachipinda kaja n'kutseka chitseko.

Ndinaganiza kuti mwina fayilo sinasungike bwino. Ndinaitsegula, mawu anga a chiliza anali momwemo. Ndinati ndiye kuti seva sinazime bwinobwino. Tsopano ndinachita zinthu mwaukatswiri. Ndinapanga mndandanda watsopano wokhala ndi nambala imodzi yokha, yanga. Mu fayilo ija ndinasintha dzina la mndandanda kuti liloze watsopanowo. Ndinawonjezera mawu opepesa. Ndinazimitsa laputopu yonse n'kuiyatsanso. Popeza kunali kungoyesa, ndipo meseji inkabwera kwa ine ndekha, sindinasamale zolemba m'mabokosi. Pa tsiku ndinangolemba kesho, ndiko kuti mawa.

Ndinadina. Ndinaika foni yanga patebulo n'kuiyang'ana.

Sinalire.

Inalira ya Edina, kuseri kwa chitseko. Kenako ya Mama Priska. Kenako ya msodzi amene ankasankha mbedza. Kenako ya telala wa tsidya la msewu, ya wogulitsa chipisi, ya wa njinga yamoto ya bodaboda pansi pa mtengo wa mango. Ndinakhala n'kumamva kulira kwa mafoni kukutsetsereka ndi msewu kulowera kugombe.

Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi chaching'ono. Ngati pulogalamu sinkawerenga mawu a mu fayilo yanga, sinkawerenganso dzina la mndandanda la mu fayilo yomweyo.

"Shemeji!" Edina anamenya chitseko. "Mwauyandikitsa! Ukwati ndi mawa tsopano!"

Kulikonse, ukwati ukachoka pa masiku khumi ndi limodzi n'kufika pa tsiku limodzi, anthu amadziwa chifukwa chake. Pasanathe ola, Mayi Nabanda anabwera paduka kudzagula mbedza. Mayi amene sanaponyepo mbedza m'madzi chibadwire. Anagula ziwiri, maso ali pamimba pa Edina.

"Mwana wanga, usamanyamule madengu olemera masiku ano."

"Mayi, chili m'mimba mwanga ndi chinangwa cha m'mawa!"

"Tonse tinkatero."

Mjomba wa ku Ngumbo anaimba. Sindinamve zonse, koma foni ya Mama Priska ndi yokweza mawu. Ndinamva "Mmalawi," ndinamva "ndinanena ine," ndinamvanso "boti."

Dzuwa lili pamutu, bodaboda inaima pakhomo fumbi lili koboo. Anatsika Kasiani, ovolosi ili girizi yekhayekha, sipanala ikadali m'manja. Ndi munthu wamtali, wamapewa. Ngakhale anali atapsa mtima, anayamba wawerama n'kupereka moni kwa apongozi anga.

"Shikamoo, Mama."

"Marahaba."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Bwana Lameki, bokosi la mkazi wanu ndinanyamula nawo ine. Phewa lake ndi ili."

"Sindinaiwale, Kasiani."

"Ndiye malipiro ake ndi amenewa? Ndili pansi pa injini, anzanga akundiwerengera meseji! Kawiri!"

"Iwe Kasiani," Edina analowerera, "ika sipanala pansi. Ukuganiza kuti ndingasiye munthu wodzutsa injini yakufa, n'kukwatiwa ndi munthu wolephera kutumiza meseji?"

Ankandiikira kumbuyo. Ndinamuthokoza mumtima, ngakhale kuti mawuwo analowa ngati minga ya kampango.

Kasiani anaganiza kanthawi. "Ndionetseni makina akewo."

Tinalowa tonse atatu m'kachipinda. Ndinamufotokozera kuti pali fayilo imene pulogalamu ikukana kuiwerenga. Tsopano ndinali nditapeza yankho: fayiloyo inali pamalo olakwika. Ndinaikopera mu foda ya malangizo a seva. Kuti ndisaphonye, ndinaikoperanso mu foda ya pulogalamu yotchedwa WEB-INF. Mafayilo atatu ofanana, malo atatu. Imodzi mwa atatuwo sikanalephera.

Kasiani analoza modemu ndi sipanala. "Meseji imatulukira apa?"

"Inde."

"Ndiye zulani kaye. Ife tikamayesa injini timayamba tachotsa giya. Apo ayi boti limathawa ndi fundi."

"Ndikazula sindidziwa ngati meseji yafika pa foni yanga."

"Bwana, zulani."

"Kasiani," ndinatero mofatsa, "ntchito imeneyi ndaigwira zaka khumi ndi ziwiri. Ndikudziwa."

Munthu wanzeru akanalemba m'bokosi la tsiku kuti palibe ukwati, n'kuonjezera pepani m'bokosi la malo. Bwenzi ngakhale meseji yolakwika itanyamula choonadi. Nzeru imeneyi inandifikira patapita masiku awiri, ndikusamba. Tsiku limenelo ndinali wotsimikiza kuti meseji ikubwera kwa ine ndekha. Pa tsiku ndinalemba leo. Pa malo ndinalemba dukani. Lero, kuduka.

Ndinadina.

Inayamba kulira ndi foni ya m'thumba la ovolosi ya Kasiani.

Anaitulutsa pang'onopang'ono, anawerenga, n'kundiyang'ana. Mkwiyo unali utamuthera. M'maso mwake munali chisoni chimene fundi amamvera mnzake.

"Ndaitanidwa," anatero. "Lero. Pompano."

Anatambasula dzanja, anazula modemu, n'kuiika m'thumba la pachifuwa, n'kumanga batani.

Amayi a kwaya ya kuno ali ndi mbiri imodzi: sachedwa. Nthawi imeneyo anali kutchalitchi akuphunzira nyimbo. Meseji yoyamba anaikambirana. Yachiwiri anaipempherera. Yachitatu itafika anaona kuti nthawi yokambirana yatha. Tinawamva akadali kutali, nthungululu zikutsika ndi msewu, kang'oma kakulira. Ena anabwera kudzaimba, ena kudzaona, koma onse anavala zitenje zofanana. Anaima pakhomo pa duka n'kuyamba nyimbo yolandirira mkwatibwi.

Mama Priska anadzuka, anatseka chitseko cha duka n'kuponya loko. Analowa m'kachipinda kathu. Chaka chonse anali asanalowemo, chifukwa ndi mmene Priska ankakhala akamagwira ntchito. Anaima pafupi ndi chitseko, manja atapinda.

"Lameki." Sanati mwanangu. "Mwana wanga sanamangiridwe chiliza, ndipo pakhomo panga akuimba za ukwati. Kaya ndi inu kaya ndi makina, ine ndatopa. Boti la kwanu likabwera, sindikuletsani. Za Loweruka tidzachita tokha."

Ndinaona mphindi khumi zija zikusanduka nyanja yonse.

Ndinakhala pansi n'kuchita chimene ndinayenera kuchita m'mawa. Ndinasiya kuuza pulogalamu kumene fayilo ili, n'kuifunsa kumene ikuitenga. Ndi mzere umodzi wokha. Ndinaulemba, ndinayatsanso seva, yankho n'kutuluka. Sinkawerenga ya mu conf. Sinkawerenga ya kwa seva, kapena ya mu WEB-INF. Inkawerenga ina, ya dzina lomwelo, yobisika mkati mwa uthenga.jar, mu foda ya WEB-INF/lib.

Jar ndi phukusi. Library yonse imamangidwa m'menemo, ndipo Priska anamangiramonso fayilo ya malangizo.

"Tanthauzo lake?" anafunsa Kasiani.

Ndinamuuza. Library simafunafuna fayilo paliponse. Ili ndi mndandanda wa malo amene imayang'anamo, wotchedwa classpath. Mu pulogalamu ya pa intaneti ngati iyi, imayamba mu foda ya WEB-INF/classes. Ikasowa m'menemo, imatsegula majar a mu lib. Ikapeza, basi, siyang'ananso kwina. Fayilo imene ili kunja kwa malo amenewa ukhoza kuilemba ndi golide, siiona. Mu classes munalibe kanthu. Ulendo wachitatu uja ndinaphonya ndi foda imodzi.

Zimenezi ndinkazidziwa. Ndinaziphunzitsapo ena ku Blantyre.

"Aaa," anatero Kasiani. "Tsiku lonse mwakhala mukuthira petulo mu majerikeni, paipi ili mu thanki ina."

"Ndi momwemo."

"Majerikeni atatu."

"Ndamva, Kasiani."

Ndinatsegula jar ija. Ndinapeza fayilo. Mawu a ukwati anali pansi, ndi nthungululu zake. Koma pamwamba pake panali mizere ina, yoyamba ndi chizindikiro chimene chimauza kompyuta kuti izi usawerenge, ndi za anthu. Ndinawerenga mzere woyamba n'kusiya.

"Shemeji, mwatani?"

Ndinangomutembenuzira laputopu.

Ine ndi Priska tinkatchulana iwe. Ankanditchula inu pokhapokha akamandikalipira. Edina anawerama n'kuwerenga mokweza, kunja nyimbo ili mkati.

"A Lameki. Ngati mukuwerenga izi, ndiye kuti mwasintha kale fayilo ya mu conf, mwina katatu, ndipo sizinatheke. Ya mu conf ija ndi chitsanzo chabe. Library imawerenga ya pa classpath. Ikani yanu mu WEB-INF/classes, ndiyo imayamba kupezeka, kenako muyatsenso seva. Ndinakuuzani ku Blantyre, ndinakuuzaninso kuno. Munati mukudziwa."

Edina anaima. Mawu ake anali atasintha.

"Pali mzere wina," anatero Kasiani, akuyang'ana pamwamba pa phewa lake.

Edina anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja n'kumaliza.

"Ndipo muzule modemu musanayese. Amayi a kwaya sachedwa kubwera."

Nthawi yomweyo kunja wina anaimba nthungululu yaitali.

Ndinamva kaphokoso kumbuyo kwanga ngati munthu watsamwa. Ndinacheuka. Mama Priska anali atagwira kukamwa ndi nsonga ya kanga yawo, chitenje cha kuno, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, ndinaimirira. Ayi. Ankaseka. Anaseka mpaka anakhala pa mulu wa maukonde. Misozi inatsika, ndipo sindingathe kunena pamene kuseka kunathera ndi pamene chinacho chinayambira. Sindinafunse.

"Werenganso," anauza Edina. "Pamene akuti katatu."

Edina anawerenganso.

"Katatu!" anatero Mama Priska. "Anamuwerengera ndendende. Ndi iyeyo. Ndi mwana wanga ameneyo."

Ndinaika fayilo mu classes. Ndinayatsanso seva. Modemu ikadali m'thumba la Kasiani, ndinachititsa pulogalamu kuonetsa pa sikirini mawu amene ikufuna kutumiza. Edina anawerenga kawiri, Kasiani kamodzi, Mama Priska kamodzi atavala magalasi. Kenako Kasiani anamasula batani la thumba. Sanandipatse modemu. Analumikiza yekha. Batani la Tuma anadina ndi Edina.

Kunja nyimbo inadukira pakati. Mafoni analira, amayi anawerenga, kunakhala zii. Mama Priska anatsegula duka n'kuwauza kuti popeza abwera kale, aimbeko imodzi ya mwana wawo. Anaimba. Ine ndinatsalira m'kachipinda.

Meseji yachinayi sinakhulupiriridwe ndi onse. Loweruka la chiliza kunabwera anthu ochuluka kuposa amene anabwera pamaliro. Ena anavala zakuda. Ena anavala za ukwati, kuopa kuti mwina. Mayi Nabanda anabwera ndi zitenje ziwiri m'chikwama.

Mtanda utaikidwa, akuluakulu anakhala pansi pa mtengo, ine pamkeka patsogolo pawo. Mjomba wa ku Ngumbo analankhula nthawi yaitali. Anati mlendo wathu watumikira, wadikira chaka, ndipo monga aliyense waonera pa foni yake, mtima wake wayamba kuyang'ana kutsogolo. Anthu anaseka. Ine ndinayang'ana mkeka. Anamaliza ndi kunena kuti tsopano amasulidwe, apite kwawo mumtendere. Kenako anatembenukira kwa mlongo wake.

Mama Priska anakonza kanga paphewa.

"Achimwene, timamasula mwamuna amene mkazi wake wamusiya. Uyu mkazi wake akumukalipirabe. Ndamva ndi makutu angawa, Edina ndi Kasiani ndi mboni. Banja limene mukadali kukalipirana silinathe. Akhale."

Mjomba anatsegula pakamwa.

"Komanso," anapitiriza Mama Priska, "tikamumasula, kwawoko adzamuzulira modemu ndani?"

Ndikukhalabe m'kanyumba kaja. Kumanda ndi mphindi khumi. Masana timadya limodzi, ndipo ndikanena kanthu motsimikiza, Mama Priska amangofunsa osatukula mutu, "Mukudziwa, mwanangu?" Edina ndi Kasiani anakwatirana mvula itatha. Meseji yoitanira anthu sinavute. Ndinangochotsa fayilo yanga mu classes, ya Priska n'kugwira ntchito yake. Ngakhale zinali choncho, anthu angapo anaimba foni kufunsa ngati ulendo uno ndi zoona.

Fayilo ya mu jar ija sindinaisinthe ngakhale chilembo chimodzi. Nthawi zina ndimaitsegula kuti andikalipire.

Phunziro lake ndi lalifupi: mwamuna akangoti "ndikudziwa," zulani modemu.